Sankhani chaka kaye, injini mugule pambuyo

Achimwene, mwafunsa ngati injini yachitsanzo ya mtundu wa Castle imene mwaipeza pamtengo wotsika ingayenerane ndi kanjanji kanu ka m'nyumba, kamene mukufuna kafanane ndi Barmouth, tauni ya kugombe la Wales, m'masiku a sitima za malasha. Ndinene mosapita m'mbali: isiyeni. Ndi yokongola ndithu, koma pamlatho wa Barmouth Castle sinkadutsa, ndipo aliyense wodziwa njanji ya m'mphepete mwa nyanja ya ku Wales adzaona cholakwikacho asanaone china chilichonse chimene mwavutikira.

Nkhani yake ndi kulemera. Njanji yochoka ku Dovey Junction kudzera ku Barmouth, Harlech ndi Portmadoc mpaka ku Pwllheli idamalizidwa mu 1867, ndipo idamangidwa ndi ndalama zochepa: mzere umodzi wokha, milatho yambiri yamatabwa, waukulu koposa ndi umene ukuoloka pamathiriro a mtsinje wa Mawddach. Kampani ya Great Western Railway itatenga Cambrian Railways mu 1922, idagwiritsa ntchito dongosolo lake la mitundu ya utoto. Injini iliyonse, kupatula zopepuka kwambiri, inkapakidwa kadontho pambali pa chipinda cha dalaivala kosonyeza kulemera kwake pa ekiselo imodzi. Kachikasu kankatanthauza matani osapitirira 16, kabuluu osapitirira 17 ndi theka ndi pang'ono, kofiira mpaka 20. Castle ndi Hall zinali zofiira, King inali ndi timadontho tofiira tiwiri chifukwa inkafika matani 22 ndi theka. Kugombe la Cambrian zofiirazi sizinkaloledwa. Ngakhale sitima yotchuka ija ya Cambrian Coast Express, yochokera ku Paddington mu London, inkasintha mutu panjira: injini yaikulu inkatsala, ndipo kuchokera ku Shrewsbury inkakokedwa ndi yopepuka.

Koma musanaganize za injini ina, khalani pansi musankhe chaka. Apa ndi pamene ambiri amasokonezera, chifukwa amagula injini zisanu zimene zonse zidayendadi pa Cambrian, koma sizidakumanepo. Mwachitsanzo ma Dukedog, a mawilo 4-4-0 aja (anayi otsogolera, anayi oyendetsa, kumbuyo opanda) amene adapangidwa ku Swindon pakati pa 1936 ndi 1939 polumikiza fulemu ya Bulldog ndi boila ya Duke, mitundu iwiri yakale ya injini, onse anali atapumitsidwa pofika kumapeto kwa 1960. Injini za thanki (zonyamula zokha madzi ndi malasha, popanda bogi kumbuyo) za manambala oyamba ndi 80, ma 80xxx, zidadzakhazikika kumeneko pambuyo pake. Kuziika ziwirizi pasiteshoni imodzi ndi kusakaniza nthawi ziwiri zosiyana.

Ine ndikanakhala inu ndikanatenga chilimwe cha 1958 kapena 1959. Nthawi imeneyo ndi yolemera kwambiri. Ma Dukedog anali akadakoka sitima, mwina awiri kutsogolo pamasiku Oweruka pamene anthu opita kutchuthi ankadzaza mabogi. Ma Collett 2251 a 0-6-0 ankagwira ntchito iliyonse, ya katundu ndi ya anthu yomwe. Tinjini ta thanki ta 45xx tinalipo, ma 78xxx a British Railways, bungwe la boma limene linkayendetsa njanji nthawiyo, analipo, ndipo ma 43xx ankabwera ndi sitima zochokera ku Ruabon kudzera ku Dolgellau, njira imene idatsekedwa mu Januwale 1965. Ma Manor nawo mungawaike popanda mantha. Ndi a kadontho kabuluu, adapangidwa dala kuti akhale opepuka, 20 mu 1938 ndi 1939, ena 10 mu 1950. Ngati mtima wanu udakopeka ndi maonekedwe a Castle, Manor ndiye m'bale wake amene angakutonthozeni: mawilo 4-6-0, dzina pambali, utoto wobiriwira. Mwa makampani opanga zitsanzo, Dapol ndi Accurascale onse adatulutsa Manor mu sikelo ya OO (1:76), ndipo Bachmann ili ndi Dukedog, 2251 ndi 45xx.

Mukagula Dukedog yang'anitsitsani dzina. Nambala 9017, yokhayo imene idapulumuka ndipo ndi ya Bluebell Railway ya ku Sussex, lero imadziwika kuti Earl of Berkeley, koma pamene inkagwira ntchito ku Wales inalibe dzina pambali pake. Inali yakuda bii. Manambalanso ali ndi zaka zake: zidayamba ndi 32xx, zidasinthidwa kukhala 90xx mu 1946.

Tinthu tating'ono timeneti ndi timene ndimakonda, ndipo sitidya ndalama zambiri. Chizindikiro cha British Railways pabogi ya malasha chidasintha mu 1956, mkango woyimirira pamwamba pa wilo udalowedwa m'malo ndi mkango wotuluka m'chisoti chaufumu, koma injini sizidapentedwe zonse tsiku limodzi, choncho mu 1958 zizindikiro ziwirizi mungazisakanize. Kachitsulo kosonyeza shedi imene injini inkasungidwa, kutsogolo kwa injini, kakhale 89C, ya Machynlleth. Mukalemba 6F mwalumphira ku 1963, pamene derali lidaperekedwa ku London Midland Region, chigawo china cha British Railways. Mabogi a anthu nawonso asakanizeni, ena ofiira m'munsi ndi kirimu m'mwamba, ena a maruni, ndipo a chokoleti ndi kirimu muwasungire Cambrian Coast Express. Masiginolo akhale a Great Western, amene mkono wake umagwera pansi polola sitima kudutsa.

Zikwangwani za masiteshoni zilembedwe monga zinalili nthawiyo: Towyn, Portmadoc, osati Tywyn ndi Porthmadog za masiku ano. Siteshoni ya kutsidya kwa mlatho inkatchedwa Barmouth Junction mpaka 1960, pamene idakhala Morfa Mawddach.

Ngati mukufuna zaka zomalizira, zinthu ndi zosavuta koma zochepa. Ma Manor onse adapumitsidwa pofika kumapeto kwa 1965, ndipo ma 75xxx a British Railways, ambiri ali akuda ndi mwaye, ndiwo adatsala nayo ntchito mpaka sitima za malasha zidatha pa Cambrian mu Malichi 1967. Ena amakonda nthawi imeneyo chifukwa injini ziwiri zokha zimakwanira. Kwa ine imasowa chisangalalo chimene zaka za m'mbuyo zinali nacho.

Za kutalika kwa sitima musadandaule. Cambrian Coast Express inkagawidwa pawiri, gawo lina kupita ku Aberystwyth, lina ku Pwllheli, kotero mabogi atatu kapena anayi kumbuyo kwa 2251 ndi sitima yathunthu, yokwanira bwino pathabwa la m'chipinda.

Chomaliza, musanapereke ndalama pa injini iliyonse, funafunani chithunzi cha nambala yomweyo chili ndi malo ndi chaka. Ma Manor anali 30, ena adakhala zaka zambiri kutali ndi Wales. 7802 Bradley Manor ndi 7803 Barcote Manor ndi ena mwa amene ankaoneka kawirikawiri kutsogolo kwa Cambrian Coast Express, ndiye ngati imene mwapeza ili ndi nambala ina, zitsulo zatsopano za dzina ndi nambala zimagulitsidwa padera ndipo mungazimate nokha.