Funsani Dokotala: Madzi a pathamanda abiriwira, tikawiritsa tingamwe?

Funso: Adokotala, mjigo wathu unawonongeka ndiye tikutunga pathamanda. Chiyambireni kutentha kwa Okutobala, madzi ake abiriwira pamwamba ngati munthu wathirapo penti. Tikawiritsa tingamwe? Mayi wa ana atatu, Ngabu.

Yankho: Mayi, pamenepa moto musaudalire. Yambani mwapisa kamtengo m'madzimo. Kakatuluka ndi ulusi wautali ngati tsitsi, ndi ndere wamba. Kakatuluka kopakika zobiriwira zopanda ulusi, kapena madziwo akagona m'botolo n'kuyandamitsa zobiriwira pamwamba, ndi tizilombo totchedwa cyanobacteria. Timaswana m'madzi ofunda, osayenda, olowa ndowe ndi feteleza, ndipo tina timapanga poizoni wotchedwa microcystin.

Poizoniyu amathamangira ku chiwindi. M'maselo athu, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, mapuloteni amayatsidwa ndi kuzimitsidwa pomatidwa kapena kuchotsedwa kachinthu kotchedwa fosifeti. Imodzi mwa maenzaimu (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi) ochotsa fosifetiyo ndi PP2A, yomwe ili ndi zigawo zitatu. Chigawo A ndi chimango chogwirizira, C ndi mpeni wodula, ndipo B ndiye kapitawo: amauza mpeniwo puloteni yoti udule, malo ake ndi nthawi yake. Ma B alipo ambiri, monga B55 ndi B56, aliyense ndi munda wake, n'chifukwa chake enzaimu imodzi imakwanitsa ntchito zambirimbiri. Microcystin amakakamira pa mpeni penipeni. Kapitawo aloze bwanji, palibe chodulidwa. Fosifeti amaunjikana pa mapuloteni ochirikiza selo, selo limakwinyika, magazi n'kumatayikira m'chiwindi.

Si nkhambakamwa. Mu 1996 ku Caruaru, m'dziko la Brazil, odwala impso oposa 50 anamwalira atasefedwa magazi ndi madzi okhala ndi poizoniyu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'madzi akumwa tsiku ndi tsiku poizoniyu asapitirire maikilogalamu 1 (gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu) pa lita.

Kuwiritsa kumapha majeremusi a kolera, koma microcystin sapsa. Kumangophulitsa tizilomboto, poizoni n'kutayikira m'madzi, ndipo nthunzi ikamachoka amatsalamo wochuluka. Kusefa ndi chitenje kumachotsa zooneka zokha. Ndikudziwa kuti dzuwa la kuchigwa si masewera, komabe pitani pa mjigo wa mudzi wina, ndipo kankhani komiti kuti ikonze wanuwo. Ana asasambe pathamandapo, mbuzi ndi ng'ombe zisamwepo. Nsomba za mmenemo zichotseni matumbo ndi chiwindi, muzitsuke ndi madzi abwino.

Wina akayamba kusanza, kutsegula m'mimba, kumva kuwawa pansi pa nthiti kumanja, maso achikasu kapena mkodzo woderako, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukatchule madzi amene mwakhala mukumwa. Mankhwala osukulutsa poizoniyu kulibe. Achipatala amathandiza thupi ndi dilipi n'kumayang'anira chiwindi. Musamupatse Panado mwachisawawa, chifukwa nayenso amadutsira m'chiwindi momwemo.