Sikolashipu yothandizira ana aulumali: yankho kwa mayi wa ku Rosettenville

Mayi wina amene amagwira ntchito yapakhomo kuno ku Johannesburg wandilembera imelo. Akuti ali ndi MSCE, ndipo kumudzi ku Mangochi mng'ono wawo ali ndi mwana wa cerebral palsy (ulumali wobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo), wazaka zinayi koma khosi silinalimbe, kudya n'kochita kumudyetsa. Anamva pa gulu la WhatsApp kuti kuli masikolashipu ophunzitsa amayi kuthandiza ana otere, ndiye akufunsa poyambira.

Mayi, masikolashipuwo alipodi, koma ndiyambe ndi omwe si anu. NSFAS ndi Funza Lushaka, masikolashipu a boma la South Africa, anazikonzera eni dziko lino. Ndi pasipoti ya ku Malawi musataye nazo data. Yomwe ikufanana kwambiri ndi zomwe munamvazo ndi Margaret McNamara Education Grants, yomwe imathandiza amayi a zaka 25 kupita m'tsogolo ochokera m'mayiko osauka, amene maphunziro awo akulinga kutukula amayi ndi ana. Koma imafuna munthu amene walembedwa kale pa yunivesite, monga Wits kapena Pretoria. Canon Collins Trust nayo imatenga Amalawi, koma amene ali kale ndi digiri yoyamba. Mwaonatu: ndalama zimatsata malo, malo amatsata mapepala. Satifiketi yakunja imayamba yaunikidwa kaye ndi mabungwe a zamaphunziro a kuno, ndipo MSCE payokha nthawi zambiri siikwanira kulowera digiri kuno. Onjezanipo viza ya sukulu, yomwe imafunanso medical aid. Kabwino kake n'kakuti mgwirizano wa SADC wa 1997 umati wophunzira wa m'chigawo chino azilipira fizi ngati mwini dziko.

Njira imeneyo ndi ya zaka, ndipo sindikukuletsani. Koma kwa ine, mwana wa ku Mangochiyo sakudikira digiri. Akufuna munthu wodziwa kumukhazika bwino pomudyetsa kuti phala lisamutsamwe n'kulowa m'mapapo, chifukwa chibayo cha ana otere chimayambira pamenepo kawirikawiri. Akufuna womutembenuza kuti asatuluke zilonda, womuwongola timiyendo tsiku ndi tsiku tisanaumiretu, womuyankhulitsa ngakhale iye sayankha. Mafizo a kamodzi pamwezi kuchipatala sangachite zonsezi. Zimachitikira pamkeka, pakhonde. Ngakhale mpando wokhazikapo mwana ena amaupanga ndi makatoni omata, n'kulimba ndithu. Ndipo mayi amene wadziwa izi amakhalanso ndi choyankha anthu akayamba zija zoti mwana anamukhwimira, zomwe zathetsa mabanja ambiri n'kusiya mkazi yekha ndi mwana kumsana.

Maphunziro otere safuna digiri. Kuno komwe kuli bungwe la Malamulele Onward, lomwe limaphunzitsa makolo a ana a cerebral palsy kuti nawonso akaphunzitse makolo anzawo kumidzi. Alembereni, muwafotokozere monga mwandifotokozera inemu. Tsiku lanu la ofu, pemphani kumathandiza pa malo osamalira ana aulumali pafupi nanu. Kalata yomwe angadzakulembereni imalemera pofunsira thandizo lililonse.

Ngati maganizo ali obwerera kumudzi, Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre ndi malo ofunsako za mafizo. Koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imaphunzitsa aphunzitsi a ana osamva, osaona ndi ovutika kuphunzira, koma mumayamba mwakhala kaye mphunzitsi. Mukamafunsa za MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, dziwani kuti lamulo la 2024 linabweretsa MACODA m'malo mwake. Ntchito ilipo yosatha: kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali.

Za uthenga wa pa WhatsApp uja, ngati akuti mutumize kaye ndalama ya fomu pa nambala ya munthu, ndi akamberembere amenewo. Adilesi ya bungwe muzilemba nokha pa intaneti, osadina linki yotumiziridwa.

Mukaimba kumudzi Lamlungu, mng'ono wanuyo mumuuze asamamudyetse mwana chogona. Azimukhazika tsonga, mutu wosagwera kumbuyo, supuni yaing'ono, ndipo azidikira ameze. Akatero apite naye kuchipatala cha boma akafunse tsiku la mafizo.