Tifunseni: Ndalama ya Nkhomaliro Ikutha Bwanji?

FUNSO: Ine ndi bambo akunyumba timakhala ku Area 25 ku Lilongwe ndi ana atatu. Bambowa amagwira ntchito ku Old Town, ndipo masana aliwonse amadya kulesitilanti nsima ya K4,000 ndi chakumwa cha K1,000. Amalandira K450,000 pamwezi. Ndikadandaula amati ndi kandalama kochepa. Kodi ndikulakwitsa? Mayi wa ku Area 25

YANKHO: Simukulakwitsa mayi, koma tiyeni tiwerengetsere kaye. K5,000 pa masiku 22 ogwira ntchito ndi K110,000. Imeneyi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro onse, ndipo ikuthera m'mimba imodzi pakhomo pa anthu asanu. Imaoneka yochepa chifukwa imatuluka tsiku ndi tsiku, pomwe lendi imachoka kamodzi n'kumveka kuwawa.

Komabe musafulumire kuwatcha osusuka. Chimene chimadyetsa anthu kunja m'tauni kwenikweni ndi mtunda ndi nthawi. Ola limodzi la nkhomaliro silikwana kukwera minibasi kupita ku Area 25 n'kubwerera, ndipo yokwerera yokhayo ingapose mtengo wa mbale. Palinso za pamaso pa anzawo: amene wagulidwira chakumwa lero, mawa ayenera kubweza. Kumapeto kwa mwezi, malipiro akangolowa, mbale ya nyemba imasanduka ya nkhuku.

Katswiri wina wa ku Germany, Ernst Engel, anaonetsa mu 1857 kuti banja likamapeza zochepa, gawo lalikulu la ndalama zake limathera pa chakudya. N'chifukwa chake K5,000 yomweyo bwana wa bambowa saimva, koma kwanu imachotsa ndiwo za ana.

Dziwaninso chimene mukulipira pa mbale ija. Ufa ndi ndiwo ndi mbali chabe. Mwini lesitilanti amaikamo makala, mafuta ophikira, lendi, malipiro a ophika ndi otsuka mbale, msonkho wa khonsolo, ndi nsima yotsala imene sinagulidwe. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zambiri mwa izi zinakwera mtengo. Ophika ena sakweza mtengo, amangochepetsa nthuli. Kasitomala amatuluka osakhuta n'kukaonjezera chipisi pachiwaya.

Chochita chilipo. Choyamba ndi memo: anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi apantchito asonkherane ufa, ndiwo ndi makala, n'kupeza wowaphikira. Moto umodzi ukuphikira onse, ndiye mtengo pa munthu umatsika. Memo umasokonekera pa ngongole. Asonkhe sabata isanayambe, ndipo yemwe sanapereke asadye, ngakhale akhale mnzawo wapamtima.

Chachiwiri ndi kunyamula. Nsima ikazizira imauma, choncho longedzani mpunga, mbatata kapena chinangwa chophika ndi mtedza wokazinga. Koma samalani: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Mpunga ndi nyemba zophikidwa 5 koloko m'mawa, m'kutentha kwa October, zikhoza kukhala zitasasa pofika masana. Muziike zili zotentha m'chotengera chosunga kutentha, kapena mufiriji ngati kuntchito iliko. Musawaletse lesitilanti kotheratu, akanika. Masiku atatu pasabata anyamule, awiri akadye kunja. Pamenepo pa K110,000 ija mwachotsapo pafupifupi K66,000, ndipo zonyamulazo zikuchokera mumphika umene mukuphika kale.

Ngati kulesitilantiko amalembetsa m'kabuku kuti adzalipire pakutha pa mwezi, yambani ndi kutseka kabukuko. Munthu wodya pa ngongole safunsa mtengo.

FUNSO: Ndimakhala ndekha ku Ndirande. Anzanga amati ndikuononga ndalama podya kumsika. Zoona? Mnyamata wa ku Ndirande

YANKHO: Achimwene, kwa inu masamu ake ndi ena. Mbaula imadya makala pafupifupi ofanana kaya mukuphikira mmodzi kaya anayi. Wokhala yekha amagulanso zinthu zing'onozing'ono, kajumbo ka ufa, kathumba ka mafuta, tomato awiri, ndipo kugula kotere kumadula kuposa kugula zambiri nthawi imodzi. Opanda firiji, ndiwo zotsala amataya. Ndiye mbale imodzi ya nsima ndi usipa kumsika ikhoza kufanana ndi kuphika nokha. Mumaluza mukamadya kunja katatu patsiku, makamaka tiyi wa m'mawa ndi mandasi, amene kunyumba amangofuna madzi otentha. Nyengo ya mvula, pamene kolera imavuta monga zinalili mu 2022 ndi 2023, idyani pamene nsima ikuomoledwa inu mukuona, ndipo madzi osamba m'manja akhale othira kuchokera m'jagi, osati a m'beseni limene asambamo anthu khumi.