Kodi 6 Julayi ndi tsiku la Amalawi okha?

FUNSO: Akonzi, ine ndimaphunzitsa mbiri pasukulu ina ya sekondale. Ophunzira anga andifunsa ngati pali zinthu zina zikuluzikulu zomwe zidachitika pa 6 Julayi kupatula ufulu wa dziko lathu, ndiponso ngati kugwera tsiku limodzi kwa zinthuzi kuli ndi tanthauzo. Chonde tithandizeni. Ndine mphunzitsi wa ku Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, zilipo ndithu, koma muwauze ophunzirawo kuti asiyanitse zomwe zidangokumanizana mwangozi ndi zomwe anthu adachita kuziika dala patsikuli.

Za kuno kwathu zidachita kuikidwa. Pa 6 Julayi 1958, Dr Hastings Kamuzu Banda adatera pabwalo la ndege la Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo adabwera kudzatsogolera nkhondo yothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chitaganyacho chitatha kumapeto kwa 1963, tsiku lolandira ufulu lidaikidwa pa 6 Julayi 1964 kuti lifanane ndi la kubwera kwake. Pa 6 Julayi 1966 dziko lidakhala lipabuliki, ndipo pa 6 Julayi 1971 Kamuzu adakhala pulezidenti wamuyaya. Kubwereza tsiku chonchi kudali ndale, pakuti kudamangirira mbiri ya dziko lonse pa munthu mmodzi, moti wokondwerera ufulu ankakondwereranso mtsogoleriyo, afune asafune.

Zakunja ndiye zidangokumanizana, ngakhale ziwiri mwa izo zimadabwitsa mukaziika pamodzi. Pa 6 Julayi 1415, wansembe wina wa ku Prague, Jan Hus, adawotchedwa wamoyo mumzinda wa Konstanz. Iye ankadzudzula mchitidwe wogulitsa zikalata zokhululukira zilango za machimo, ndipo ankaphunzitsa kuti Baibulo lili pamwamba pa ulamuliro wa Papa. Adapita kumsonkhano wa akuluakulu a Mpingo atalonjezedwa chitetezo ndi Mfumu Sigismund, koma atafika adamangidwa, ndipo atakana kubweza mawu ake adaweruzidwa kuti ndi wampatuko. Mpaka lero 6 Julayi ndi tchuthi m'dziko la Czech Republic pokumbukira iyeyu.

Patapita zaka 120, pa 6 Julayi 1535, Thomas More adadulidwa mutu ku London. Iyeyu adakhalapo nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII, ndipo mlandu wake udali wokana kuvomereza kuti mfumuyo ndiyo mutu wa Mpingo ku England m'malo mwa Papa. Choncho woyambayo adafera kutsutsa mphamvu za Papa pomwe wachiwiriyu adafera kuziteteza, ndipo m'kuona kwathu, m'kalasi mungapindule kwambiri kukambirana za awiriwa kusiyana ndi kuloweza mndandanda wa zaka.

Chomwe chimatikhudza tonse, makamaka okhala kumidzi komwe agalu amangoyendayenda, chidachitika ku Paris pa 6 Julayi 1885. Mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister wa ku Alsace, adabwera naye kwa Louis Pasteur atalumidwa malo ambiri ndi galu wachiwewe. Nthawi imeneyo, monganso lero, munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe ankangodikira imfa. Pasteur adali ndi katemera yemwe adamupanga poumitsa mtsempha wa mumsana wa akalulu odwala matendawa kuti tizilombo tifooke, koma adali atamuyesa kwambiri pa agalu. Popeza iye sadali dokotala wa anthu, jakisoni adabaya ndi dokotala wina, Jacques-Joseph Grancher. Mwanayo adalandira majakisoni 13, lililonse lamphamvu kuposa lam'mbuyo, ndipo sadadwale. Uphungu womwe azaumoyo amapereka lero, woti wolumidwa ndi galu athamangire kuchipatala zizindikiro zisanayambe, mizu yake ili pamenepo.

Mu Africa muno, nkhondo yapachiweniweni ya ku Nigeria, yomwe idabuka chigawo cha Biafra chitadzipatula, idayamba pa 6 Julayi 1967 n'kutha mu Januwale 1970, ndipo anthu ochuluka kwambiri, makamaka ana, adafa ndi njala. Zilumba za Comoros nazo zidalengeza ufulu wawo kuchoka kwa France pa 6 Julayi 1975.

Ponena za tanthauzo, chaka chili ndi masiku 365 okha pomwe mbiri yolembedwa ili ndi zaka zikwizikwi, kotero tsiku lililonse lomwe mungasankhe mudzalipeza litasenza zochitika zake. Komanso masiku enawa safanana kwenikweni monga amaonekera papepala. Hus ndi More adafa anthu akugwiritsa ntchito kalendala yakale ya Julius Caesar, yomwe inkatsalira pang'onopang'ono poiyerekeza ndi kayendedwe ka nyengo. Mu 1582 Papa Gregory XIII adaikonza podumpha masiku 10, moti 4 Okutobala adatsatidwa ndi 15 Okutobala, ndipo England adadzatsatira mochedwa mu 1752. Tikawerengera pakalendala yomwe ili pakhoma la kalasi yanu, Hus adawotchedwa pa 15 Julayi ndipo More adadulidwa mutu pa 16 Julayi.