Woyimbira baseball: pomwe amauma mtima ndi pomwe amalekerera

Mdzukulu wina wafunsa kuti: "Agogo, ndimaonera baseball ya ku America. Woyimbira yemweyo nthawi zina amauma gwa pa lamulo, nthawi zina amangoyang'ana kumbali. Kodi si kukondera kumeneko?"

Ayi mdzukulu wanga. Malamulo ena amayezedwa, ena amaweruzidwa ndi diso, ndipo ntchito ya woyimbira ndi kudziwa kuti ili ndi la mtundu uti.

Oyezedwa alibe nkhani. Kuyambira 2023, mu Major League Baseball, ligi yaikulu ya baseball ku America, woponya mpira ali ndi masekondi 15 oti aponye ngati pa besi (malo amene wothamanga amaima akamenya mpira) palibe munthu. Akachedwa, ndi ball basi, kutanthauza kuti zimawerengedwa ngati waponya mpira wolakwika, kaya ndi wotchuka chotani.

Strike, kutanthauza mpira woponyedwa pamalo oyenera, ndi nkhani ina. Lamulo limati mpira udutse pamwamba pa home plate, mbale ya pansi imene womenya amaima pambali pake, yomwe m'lifupi mwake ndi mainchesi 17, kuyambira kunsi kwa bondo la womenya kufika pakati pa mapewa ndi lamba. Koma omenya ndi osiyana misinkhu, ndipo mpira ukhoza kubwera pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola. Osewera amapirira woyimbira amene amakulitsako malire pang'ono, bola asasinthe pakati pa masewero komanso achite chimodzimodzi ku matimu onse awiri. Palinso ulemu wake wosalembedwa. Womenya akhoza kung'ung'udza ali chiweramire, osacheuka, woyimbira n'kukhala ngati sanamve. Koma akangolemba mzere m'dothi ndi ndodo yake kuonetsa anthu pomwe mpira wadutsa, wathamangitsidwa m'bwalo. Mawu angakhale omwewo. Cholakwa n'kuchititsa munthu manyazi pagulu.

Tamvera ya pa 24 Julayi 1983. George Brett wa Kansas City Royals anamenya home run, mpira wodutsa mpanda wa bwalo umene umapatsa timu mapointi, pa Yankee Stadium. Billy Martin, mkulu wa New York Yankees, anadandaula kuti utomoni wa paini umene amapaka pa ndodo kuti isaterere unapitirira mainchesi 18 ololedwa. Woyimbira Tim McClelland anagoneka ndodoyo pa home plate, n'kuona kuti n'zoona, ndipo anati Brett watuluka, home run ija n'kufafanizidwa. Brett anatumphuka ngati wolumidwa ndi mavu. Koma Lee MacPhail, mkulu wa American League, ligi imene matimu awiriwa anali, anasintha chigamulocho: utomoni supititsa mpira patali, ndipo lamulolo analiikira kuti mipira isamade. Home run ija inawerengedwa, ndipo masewero anamalizidwa pa 18 Ogasiti, Royals n'kupambana 5-4. Kuona kwanga, McClelland sanalakwe kuyeza, koma amene anafunsa chimene lamulo likuteteza ndi MacPhail.

Mwambo nawo uli ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chikatha mwambo umafa. Kwa zaka zambiri, wotchinga pa besi yachiwiri pofuna kutulutsa anthu awiri nthawi imodzi ankaloledwa kungodutsa pafupi osaiponda, kuti wothamanga asamuthyole miyendo. Mu 2015 wothamanga Chase Utley, pogwera pa besi yachiwiri, anathyola mwendo wa wotchinga Rubén Tejada. Chaka chotsatira anakhwimitsa lamulo la kagweredwe ka wothamanga, ndipo popeza wotchinga anatetezedwa, tsopano besi ayenera kuiponda ndithu, chifukwa vidiyo imamugwira.

Nanga woyimbira akaphonya? Pa 2 Juni 2010, woponya Armando Galarraga wa Detroit Tigers anali atatulutsa omenya 26 motsatizana, kutangotsala mmodzi kuti amalize popanda mdani wofika pa besi. Woyimbira Jim Joyce, pa besi yoyamba, anatambasula manja kuti wothamanga wafika bwino. Sanafike. Nthawi imeneyo zotere sankazibwereza pa vidiyo. Zinayamba mu 2014. Joyce ataona chithunzi sanazembe, anavomera kwa atolankhani n'kukapepesa kwa Galarraga usiku womwewo. Chigamulo sichinasinthidwe. M'mawa mwake Joyce ndiye anali pa home plate, ndipo amene anamubweretsera pepala la mayina a osewera a Tigers anali Galarraga. Joyce analandira akupukuta misozi, n'kumusisita paphewa.