Achimwene aku Moatize, AK yanu sinalakwe, simunawelenge stack

Imelo ya sabata ino yachokela kwa m'bale wina amene amasewela poker ndi anzake loweluka lililonse ku Moatize. Akuti ma blind (ndalama zimene anthu awili amayenela kuika makhadi asanagawidwe) anali 5/10 MT (meticais), iye ndi mnzake aliyense anali ndi 1000 MT kutsogolo (ndiyo stack), anagwila AK (makhadi awili, A ndi K) nakweza mpaka 30, mnzakeyo anayankha, flop (makhadi atatu oyamba a pa tebulo) inabwela K-7-2, anapitiliza kubetcha mpaka zonse zinalowa pakati, mnzake ndikutulutsa 7-7, ndiye kuti ma 7 atatu (amati set), oposa peya yake ya K. Ndiye akufunsa kuti analakwa kapena linali tsoka chabe.

Achimwene, tsoka lilipo koma pang'ono. Inu munaona K pa tebulo mtima ndikuthamanga, koma funso loyamba linayenela kubwela flop isanatsike: pakati pa ine ndi uyu, wochepa ali ndi zingati? Chifukwa mu no-limit (poker yopanda malile a kubetcha) zomwe mungataye kapena kudya ndi za wochepayo basi, olo mutakhala ndi 5000 iye ali ndi 300, masewelo anu ndi a 300.

Tiyeni tiwelenge. Poto pa flop inali 75 (30 yanu, 30 yake, ma blind 15), kumbuyo kwatsala 970, ndiye kuti stack ndi kuwilikiza poto pafupifupi ka 13, ndi zimene amati SPR. Kuti 970 yonse ilowe pamafunika kubetcha poto yathunthu katatu, 75 kenako 225 kenako 675, ndipo dzifunseni nokha, ndani amene angakutsatileni misewu yonse itatuyo (flop, turn yomwe ndi khadi lachinayi, ndi river yomwe ndi lachisanu) ndi KJ? Mwina woledzela. Munthu wabwinobwino akafika nanu pa 675 ndiye kuti peya imodzi waipitilila kale. Apa mukanabetcha flop ndi turn zocheperako, akakukwezani mwamphamvu muponye makhadi, zimawawa eti koma ndi choncho.

Akanakhala ndi 300 nkhani ikanasintha, kumbuyo 270 pa poto ya 75, SPR siyikwana 4, K ndi A wanuyo mumalowa nazo zonse osayang'ana kumbuyo, akakhala ndi set ndi mwayi wake.

Mnzanuyo ndiye anasewela bwino, musamukwiyile. Peya yaing'ono imagunda set pa flop kamodzi pa maulendo 8 ndi theka, ndiye kulipila 30 kumamveka pokhapokha kumbuyo kuli zoti akadye zambili, ambili amati kuwilikiza ka 15 kapena kuposa, apa 450 kupita m'mwamba. Inu munamuikila 970 pamaso. Nanenso zinandichitikilapo ku Ulongwe nyengo yokolola mbatata, aliyense thumba lili lodzaza, ndinakakamila AA mpaka river ngati ndalodzedwa, kubwelela kunyumba ya chapa (minibasi) ndinachita kubweleka.

Za stack yochepa kwambili, ma big blind 10 (apa 100 MT) kutsika, palibe zambili zokamba, mwina all-in (kuika zonse) flop isanabwele kapena fold (kuponya makhadi), zokweza 30 kenako ndikuthawa ayi. Loweluka likubwelali mukakhala pansi yambani mwawelenga ma chip a amene ali kumanzele kwanu, ndi amene azikuyankhani inu mutalankhula kale.