Yankho kwa achemwali amene mwafunsa za kudzala mbatatesi kawiri pachaka kuno ku Salima

Achemwali, mwafunsa zinthu zingapo: nthawi yodzala mbatatesi kuseri kwa nyumba yanu ku Khombedza, ngati mungadzale kawiri pachaka monga mwawerengera pa intaneti, komanso za mankhwala opopera ndi msika wa anyamata a tchipisi. Ine ndiyankha za nthawi ndi za mbewu, poti ndi zimene zinandiliza.

Amene akuuzani kuti mudzale ndi mvula yoyamba, afunseni kumene akukhala. Ndikukhulupirira kuti ali ku Dedza kapena ku Tsangano. Kumeneko akunena zoona, chifukwa Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene ife kuno tili cha m'ma 500 basi. Mbatatesi imafuna nthaka yozizira kuti iike pansi, ya madigiri pakati pa 15 ndi 20, ndipo nthaka ikamayandikira 30 imasiyiratu kuika. Chimene imadana nacho kwambiri ndi usiku wotentha, uja timagona pakhonde chifukwa m'nyumba simukulowedwa.

Zaka zinayi zapitazo ndinadzala mizere khumi ndi iwiri kumayambiriro kwa Disembala. Inamera bwino kwambiri. Masamba anali obiriwira ofika m'maondo, anthu odutsa pamsewu ankaima kufunsa kuti mbewuyo ndaitenga kuti. Ndinathira feteleza, ndinapalira, ndinakwezera kawiri. Itafika Febuluwale mitengo ina inayamba kufota masana ngati yasowa madzi, chonsecho mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Tsiku lokumba ndinatenga matumba atatu, ndinabwerako ndi beseni limodzi losadzaza. Timbatatesi take ngati mazira a nkhunda, tina tofewa, tonunkha, ukatidula mkati muli mzere wakuda wozungulira. Ndinakhala pansi m'munda momwemo. Ndalama ya mbewuyo inali yoti ndigulire ana mayunifolomu a sukulu, ndipo mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira. Sindikufuna kuti zikuchitikireni.

Zimene mwawerengazo za kudzala kawiri ndi za madera ngati kumwera kwa dziko la United States. Iwo amadzala chisanu chikamatha kuti akumbe kutentha kusanafike, n'kudzalanso kutentha kukamatha kuti akumbe chisanu choundana chisanawauche mbewu. Ali ndi mipata iwiri. Ife chisanu chowaula mbewu tilibe, mdani wathu ndi kutentha yekha, ndipo mpata tili nawo umodzi: kuchokera pamene mvula yaleka mu Epulo kufika mu Ogasiti. Mbatatesi imatenga masiku 90 mpaka 120, ndiye werengani chobwerera m'mbuyo. Mukadzala pakati pa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, imachita maluwa ndi kuika mu Juni ndi Julayi, nthawi ya mwera, usiku tikufunda mabulangete. Mumakumba mu Ogasiti. Kumeneko ndiye kudzala kwenikweni, ndipo ine zaka ziwiri zotsatizana ndadya mbatatesi ya m'dimba mwanga podzala pa nthawi imeneyi.

Ngati mtima wafunitsitsa kawiri, gawani mbewu yanu, ina mudzale mu Epulo, yotsalayo sabata yoyamba ya Juni. Yachiwiriyi imakumana ndi dzuwa la Sepitembala isanakhwime bwino, ndiye musaiyembekezere kwambiri, ndipo muiphimbire ndi udzu wa mpunga kapena mapesi kuti nthaka isatenthe. Ikadutsa Juni, musadzale. Ya mu Julayi kapena Ogasiti ikaika mu Sepitembala ndi Okutobala, ndipo Okutobala wa kuno mukumudziwa nokha. M'dzinja malo amenewo dzalanipo mbatata ya kholowa. Ya Kadyaubwerere, yofiira mkati ija, imakonda kutentha kwathu kuno ndipo ana amaikonda.

Koma pali msampha wina umene palibe wautchula, ndipo ndi umene unandigwira chaka chotsatira. Mbatatesi yongokumbidwa kumene siphukira. Imagona kaye miyezi iwiri kapena itatu. Mu Epulo imene imadzaza pamsika imakhala yatsopano, ya m'dzinja, yochokera ku mapiri. Ndinagula ndowa kwa wogulitsa wina amene anandilumbirira kuti ndi mbewu, ndinaikwirira, ndinathirira milungu isanu popanda kuona kanthu. Nditafukula ndinapeza ina ili gone monga ndinaiikira, ina yaola chifukwa cha madzi anga omwe. Yotsalayo inamera kumapeto kwa Meyi, apa ndi apo, nthawi yabwino itapita kale. Choncho mbewu yodzala mu Epulo iyenera kukhala yokumbidwa mu Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale. Musamvere pakamwa pa wogulitsa, yang'anani maso a mbatatesiyo. Ikhale ndi mphukira zazifupi, zonenepa, zobiriwira kapena zofiirira. Ya mphukira zazitali zoyera yakhalitsa mumdima, zimathothoka musanafike nayo kunyumba. Sankhani yaikulu ngati dzira la nkhuku ndipo musaidule. Kozizira amadula, kuno yodula imaola.

Ine mbewu ndimakagula ku Bembeke. Ndimadzera pa Golomoti n'kukwera phiri lija, ndimapita kwa alimi enieni, osati pamsewu, chifukwa mlimi amakuuza mwezi umene anakumba ndipo munda wake umauona ndi maso. Komweko kulinso malo a boma ofufuzira za mbatatesi. Mitundu yodziwika ndi Violet ndi Rosita, ndipo kwa ine Rosita ndi imene yachita bwinoko. Ulendo wathawu ndowa ya malita 20 ndinagula cha m'ma K20,000, koma mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, ndiye nyamulani yoonjezera, osaiwala thiransipoti imene imatha kuposa mtengo wa mbewuyo. Ndi bwino kusonkherana anthu atatu kapena anayi n'kutuma mmodzi. Ndowa imodzi ikukwanirani kuseri kwa nyumba. Mukafika nayo muiyale pansi m'chipinda cholowa kuwala koma chosafika dzuwa, musaisiye m'thumba.

Chenjezo lina lalikulu: musadzale pamene panali tomato, mabiringano, tsabola kapena fodya. Ndi banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda ofotetsa aja anandithera munda. Amakhala m'nthaka zaka, ndipo kupopera sikuwachotsa. Mukaona mtengo wafota pamene nthaka ili yonyowa, dulani tsinde muviike m'tambula ya madzi oyera. Mukaona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika, zulani mtengowo pamodzi ndi dothi lake mukataye kutali, osati padzala la manyowa. Pamene panali chimanga ndiye pabwino.

Mizere italikirane masentimita 75, mapando 30, kuya kwake ngati kutalika kwa chala chapakati kapena kupitirira pang'ono. Thirirani m'mawa kapena madzulo, ndipo dothi lathu lamchengali limauma msanga, makamaka mwera ukamaomba, ndiye musadumphitse masiku ikayamba maluwa. Kwezerani dothi msanga, chifukwa mbatatesi yoonekera kudzuwa imabiriwira ndipo yotero siyabwino kudya.

Musanagule n'komwe mbewu, mangani mpanda. Anthu akangokolola chimanga amatayirira mbuzi, ndipo mu Juni dimba lanu lidzakhala malo okhawo obiriwira pamudzi ponse. Ngati mwaganiza zopita ku Bembeke, ine ndikupita kumapeto kwa Malichi, mundiuze titengane.